Mwana wasiya kumva atadwala matenda oumitsa khosi: kodi cochlear implant ingamuthandize?

Mayi wina wa ku Mtendere, kuno ku Lusaka, watilembera za mwana wake wamwamuna wa zaka 2 ndi miyezi 8. Mwanayo anadwala matenda oumitsa khosi miyezi itatu yapitayo. Anachira, koma chitulukireni m'chipatala satembenuka akaitanidwa, ndipo timawu tomwe anali atayamba kutchula tikutha. Atamuyeza makutu ali m'tulo, madokotala anati mbali zonse ziwiri sizikumva pafupifupi chilichonse, n'kutchulapo za opaleshoni yoika cochlear implant, kachipangizo ka magetsi koikidwa m'khutu kothandiza munthu wogontha kumva. Apongozi akuti adikire, mwana akadali wofooka. Amalume ake a mwanayo, amene ali ku Johannesburg, akuti opaleshoniyo imachiritsiratu. Mayiwo akufunsa kuti: "Ndimvere ndani? Kodi zimenezi zinafufuzidwa mokwanira, kapena akufuna kuyesera pa mwana wanga?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakugweranizi. Ine ntchito yanga ndi yoyeza makutu, ndipo ndiyamba ndi mawu a apongozi anu chifukwa ndi amene akufunika kuyankhidwa mwachangu. Akulankhula mwachikondi, ndipo pa matenda ambiri akanakhala kuti akunena zoona: mwana ayambe wapeza mphamvu. Koma pa kugontha kobwera ndi matenda oumitsa khosi, mwezi uliwonse umene mukudikira ukhoza kuchepetsa zimene dokotala angathe kuchita.

Chifukwa chake ndi ichi. M'kati mwenimweni mwa khutu, m'fupa la mutu, muli kamphako kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kosakwana sentimita imodzi m'lifupi. Madokotala amakatcha cochlea. Muli madzi, komanso timaselo tokhala ndi tiubweya. Phokoso likafika madzi aja amagwedezeka, tiubweyato timapindika, ndipo timaselo pafupifupi 3,500 ta mzere wam'kati timasandutsa kugwedezekako kukhala uthenga wa magetsi umene umayenda mu mtsempha wa kumva kupita ku ubongo. Mwa munthu, timaseloti tikafa sitimeranso. N'chifukwa chake munthu amene tamuthera, ngakhale mutamukwezera mawu bwanji ndi zothandizira kumva zija zovala kukhutu, amangomva kugunda chabe, mawu osawazindikira.

Tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi timatha kuchoka m'madzi ozungulira ubongo n'kulowa m'kankhonoka. Tikalowa timapha timaselo tija, koma nkhani sithera pomwepo. Pochira, thupi limayamba kudzaza kamphakoko ndi mnofu wa chipsera, ndipo pang'onopang'ono mnofuwo umasanduka fupa. Mwa ana ena zimenezi zimayamba patangopita masabata ochepa, mwa ena sizichitika n'komwe. Kunja simungaone kanthu, mwana amakhala akudya nsima yake ndi kusewera bwinobwino. Zimaoneka pa sikani basi: ya MRI imasonyeza ngati madzi akadalimo, ya CT imasonyeza pamene fupa lafika.

Tsono cochlear implant imadalira kamphako komweko. Dokotala amacheka kuseri kwa khutu, kuboola fupa, n'kulowetsa m'kankhono muja kawaya kofewa kokhala ndi timfundo ta chitsulo. Ka kampani ya Cochlear ya ku Australia kali ndi timfundo 22, ka Advanced Bionics 16, ka MED-EL ya ku Austria 12. Kawayako kamachokera ku kachipangizo kokhala ndi maginito kamene amakaika pansi pa khungu la mutu. Kunja mwana amavala purosesa yokhala ndi maikolofoni ndi batire. Purosesayo imatola mawu, kuwagawa malinga ndi kukwera kapena kutsika kwake, n'kuwatumiza kudutsa pakhungu. Timfundo tija timagunda mtsempha wa kumva ndi magetsi ochepa kwambiri, kudumpha timaselo takufa tija. Kamphako kakatsekeka ndi fupa, kawaya kalowa pati? Madokotala aluso amaboolabe n'kulowetsa gawo lina, kapena kugwiritsa ntchito mawaya awiri aafupi, koma malipoti a zipatala zambiri amasonyeza kuti kawaya kakalowa theka, kamvedwe nakonso kamakhala kotsikirapo. N'chifukwa chake ana ena amayamba ayesa zothandizira kumva kwa miyezi itatu asanapite ku opaleshoni, koma mwana wa matenda oumitsa khosi, sikani ikangosonyeza kuti mwayamba kuuma, samudikiritsa. Kumene ndalama zilipo amamuika mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, poopa kuti khutu losiyidwalo lingadzatsekeke.

Tibwere ku funso lanu loti mwina akufuna kuyesera pa mwana wanu. Nthawi yoyesera inadutsa inu musanabadwe. Mu 1957 ku Paris, André Djourno ndi Charles Eyriès anagunda mtsempha wa kumva wa munthu wogontha ndi magetsi, iye n'kumva phokoso. William House wa ku Los Angeles anayamba kuika tizipangizo totere mwa anthu mu 1961, ndipo madokotala anzake ambiri ankamuona ngati wotaya nthawi. Ku Vienna, kachipangizo ka njira zingapo kopangidwa ndi Ingeborg ndi Erwin Hochmair kanaikidwa mwa munthu mu 1977, ndipo mu 1978 Graeme Clark anachita zake ku Melbourne. Mu 1991 Blake Wilson ndi anzake anafalitsa njira yatsopano yotumizira magetsi ku timfundo motsatizana, osati tonse nthawi imodzi, ndipo kuyambira pamenepo odwala ambiri anayamba kuzindikira mawu osayang'ana pakamwa pa wolankhula. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linavomereza kachipangizoka kwa ana a zaka 2 mu 1990, kwa a miyezi 12 mu 2000, ndipo kwa a miyezi 9 mu 2020. Pofika 2022, tizipangizo toikidwa padziko lonse tinali titapitirira 1 miliyoni. Kuno ku Africa, chipatala cha Tygerberg ku Cape Town chinayamba mu 1986, ndipo kwa anansi athu ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, opaleshoni zoyamba zinachitika mu 2014.

Kafukufuku amene ine ndimamudalira kwambiri pokamba ndi makolo ndi amene John Niparko ndi anzake anafalitsa mu 2010 m'magazini ya madokotala ya JAMA. Anatsatira kwa zaka zitatu ana 188 ochokera m'zipatala 6 za ku America, onse oikidwa implant asanakwane zaka 5, n'kumawayerekeza ndi ana 97 akumva bwino. Anawo anaphunzira chilankhulo mofulumira kuposa mmene akanachitira popanda kachipangizoka. Oikidwa asanakwane miyezi 18 anathamanga kwambiri, oikidwa atapitirira zaka zitatu anatsalira kutali. Koma pali zinthu ziwiri zimene mavidiyo a pa Facebook sanena. Choyamba, patatha zaka zitatuzo, gulu lonse likaphatikizidwa linali lisanafikebe pa mlingo wa anzawo akumva. Chachiwiri, ana amene makolo awo ankacheza nawo kwambiri ndi amene ankapita patsogolo msanga. Mwa zonse zimene anayeza, chimenechi n'chimene chili m'manja mwanu lero lomwe, ndipo sichilira kwacha.

Chifukwa chimene msinkhu umalemerera chonchi chinaoneka bwino mu ntchito ya Anu Sharma mu 2002. Iye anayeza nthawi imene ubongo umatenga kuyankha phokoso mwa ana obadwa osamva amene anaikidwa implant. Oikidwa asanakwane zaka zitatu ndi theka, ubongo wawo unkafika pa liwiro la ana akumva patangopita miyezi yochepa. Oikidwa atapitirira zaka 7, ambiri sankafikapo ngakhale patatha zaka. Mbali ya ubongo yoyembekezera mawu ikakhala nthawi yaitali osalandira kanthu, imayamba kugwira ntchito zina, monga za maso. Apa mwana wanu ali ndi mwayi umene ambiri obwera kwa ife alibe. Iye wamvapo kwa zaka ziwiri ndi theka. Ubongo wake ukudziwa liwu lanu, ukudziwa kuti phokoso lili ndi tanthauzo. Timawu tikuthato ndi chizindikiro choti zimene anasungazo zayamba kufufutika, koma sizinatheretu.

Amalume a ku Johannesburg nawonso ndiwakonze pang'ono. Implant sichiritsa khutu. Mwana akavula purosesa pogona, kapena batire likatha, samva. Ndipo timfundo 12 kapena 22 sitingafanane ndi timaselo 3,500. Akuluakulu amene anagontha atakula amati masiku oyamba mawu amamveka ngati wailesi imene sinagwire bwino siteshoni, ndipo ubongo umatenga miyezi kuti uzolowere. M'chipinda chachete ambiri amadzamva bwino, mpaka kulankhula pafoni. Pa City Market kapena m'minibasi ya ku Chawama nyimbo zikulira, amavutika. Kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene zilankhulo zathu zimadalira, kachipangizoka sikakunyamula bwino. Ofufuza a ku China anapeza kuti ana olankhula Chimandarini amaphunzira ndithu kusiyanitsa mamvekedwe a mawu awo, koma osafika pa anzawo akumva. Onjezerani kuti matenda oumitsa khosi nthawi zina amakhudzanso mtsempha weniweniwo kapena ubongo, choncho zotsatira za ana amenewa zimasiyana kwambiri, wina kulankhula ngati sanadwalepo, wina kumangozindikira hutala ya galimoto ndi dzina lake. Dokotala amene angakulonjezeni mwana wanu adzakhala uti mwa awiriwa asanaone sikani, musamukhulupirire.

Tsiku loyatsa limabwera patapita masabata awiri mpaka anayi chichitikireni opaleshoni, bala litapola. Mwana amakhala pamiyendo pa mayi ake, kutsogolo kuli zidole. Woyeza amamata kachozungulira ka purosesa pamutu, maginito n'kugwira, kenako pa kompyuta amayamba kukweza magetsi pa kamfundo kamodzi, pang'onopang'ono, maso ali pankhope ya mwana. Timayang'ana tinthu ting'onoting'ono: dzanja kuima pa chidole, kuphethira, kukweza nsidze, kuyang'ana mayi. Tikatero timatsitsa, n'kupita pa kamfundo kena. Maikolofoni akatsegulidwa, ana ambiri samwetulira ngati a m'mavidiyo aja. Ena amalira n'kubisa nkhope pachifuwa, ena amazula chinthucho n'kuchiponya pansi, ena amangopitiriza kusewera ngati palibe chachitika, bambo n'kukhumudwa. Zonsezi n'zachilendo kwa makolo okha. Chaka choyamba mumabwerera kangapo kudzasintha mlingo wa magetsiwo, pambuyo pake kamodzi kapena kawiri pachaka, moyo wake wonse.

Za kuopsa kwa opaleshoni sindichulukitsa, chifukwa si pamene pali vuto lalikulu. Imatenga maola awiri kapena atatu pa khutu limodzi, mwana atagonekedwa ndi mankhwala, ndipo dokotala salowa mu ubongo. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pafupi ndi pamene amaboola. Kufooka kwa nkhope kumachitika kwa odwala osakwana mmodzi pa 100, ndipo nthawi zambiri kumatha. Chizungulire ndi kusintha kwa kakomedwe ka chakudya zimabwera n'kupita. Bala likhoza kutukusira, ndipo kachipangizo kam'kati nthawi zina kamafa, n'kufunika opaleshoni ina.

Chimodzi chokha ndikhalepo pang'ono, chifukwa chikukukhudzani mwapadera. Mu 2003 magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa ana 4,264 a ku America oikidwa implant pakati pa 1997 ndi 2002. Mwa iwo, 26 anadwala matenda oumitsa khosi pambuyo pake, chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi ana ena. Ambiri anali ndi mtundu wina wa kachipangizo wokhala ndi kamphanda kokankhira waya, umene unachotsedwa pamsika mu 2002. Chichokereni apo lamulo ndi loti mwana alandire katemera wa pneumococcus (PCV), woteteza ku kachilombo kena koyambitsa matenda oumitsa khosi, opaleshoni isanachitike, ndipo khutu likatentha kapena kutuluka mafinya athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Katemerayu analowa m'ndondomeko ya ana onse kuno ku Zambia mu 2013. Tsegulani khadi la kusikelo muone ngati pa PCV padindidwa ponse, ndipo mufunse ngati pakufunika wowonjezera. Ndaitchula nkhaniyi komanso chifukwa ikuyankha mantha anu: vuto linaoneka, linawerengedwa, linafalitsidwa poyera, chipangizo cholakwikacho n'kuchotsedwa.

Pamene ine mtima umandigunda ndi pa zaka zotsatira, chifukwa kafukufuku wambiri amene ndatchulayu anachitika m'maiko amene mwana amapatsidwa mphunzitsi wa kalankhulidwe mlungu uliwonse, waya ukaduka wina amafika mawa lake. Mtengo wa kachipangizo, opaleshoni ndi chisamaliro cha chaka choyamba umafika madola masauzande makumi angapo. Achibale, mpingo ndi anthu akufuna kwabwino amatha kusonkha za opaleshoni chifukwa ndi chinthu chooneka, cha tsiku limodzi. Za mabatire a chaka chachinayi sasonkha. Mabatire otaya amatha m'masiku awiri kapena atatu. Otchaja amafuna magetsi usiku uliwonse, ndipo tonse tikukumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba, mmene makomboni ankagonera mumdima. Banja lotere limafunika kasola kakekake. Fumbi la mu Seputembala, thukuta la mu Okutobala ndi chinyezi cha dzinja zimawononga maikolofoni, choncho purosesa imagona m'kabokosi koumitsira usiku uliwonse. Mawaya amaduka, makamaka kwa mnyamata wa zaka zitatu. Patapita zaka zingapo purosesa yonse imafunika ina. Palibe chopweteka ngati kuona mwana amene anayamba kulankhula atakhala miyezi m'chete chifukwa cha kachingwe kosakwana chikhatho.

Susan Emmett ndi anzake anawerengera zimenezi mu 2015 m'maiko 6: South Africa, Nigeria, Kenya, Rwanda, Uganda ndi Malawi. Pogwiritsa ntchito mlingo wa bungwe la WHO, anapeza kuti implant imapindulitsa molingana ndi ndalama zake ku South Africa ndi ku Nigeria, pamene m'maiko enawo mtengo wa kachipangizo ndi chisamaliro chake unayenera kutsika kaye. Maphunziro a ana osamva anapezeka opindulitsa m'maiko onse 6. Kumeneku ndi kuwerengera kwa maboma, sikukuletsani inu kufunira mwana wanu thandizo. Koma kukusonyeza pamene ndalama zimathera. Choncho kulikonse kumene mungatumizidwe, kaya konkuno, kaya ku South Africa kapena ku India kumene mabanja ambiri a m'chigawo chino amapita, funsani musanasaine: adzasintha mlingo wa magetsi ndani kuno ku Lusaka, ndipo ali ndi zipangizo za kampani imeneyo? Zosinthira zikaonongeka zidzachokera kuti, patatha masiku angati, pa mtengo wanji? Chitsimikizo cha kachipangizo kam'kati ndi cha zaka zingati? Adzaphunzitsa mwana kumvetsera ndani, m'chilankhulo chanji? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mayi. Funsani, ndipo mayankho awalembe papepala.

Pa chilankhulo, anthu adzakuuzani kuti muzimulankhula Chingerezi chokha kuti asasokonezeke. Ine sindivomereza. Ana a implant amatha kuphunzira zilankhulo ziwiri, ndipo chimene mwana akusowa ndi mawu ochuluka, okoma, obwerezabwereza. Amenewo mungamupatse m'Chinyanja chimene mumalota nacho, chimene agogo ake amamuimbira, osati m'Chingerezi cha "come, sit, eat".

Ndipo yambani chinenero chamanja sabata ino. Ndikudziwa kuti mawu amenewa amawawa, amamveka ngati tagonja. Akatswiri nawonso amakangana. Kafukufuku wa Ann Geers wa 2017 anapeza kuti ana a implant amene makolo awo sankagwiritsa ntchito manja ankalankhula momveka bwino kuposa ena, koma otsutsa anati mwina makolo ankapitiriza manja chifukwa mwana anali akuvutika kale. Kathryn Davidson ndi anzake mu 2014 anayeza ana a implant obadwa kwa makolo osamva, okulira m'chinenero chamanja chathunthu, n'kupeza kuti Chingerezi chawo cholankhula chinali pa mlingo wa anzawo akumva, ngakhale anawo anali ochepa. Kuunika kwa kafukufuku yense kumene kunatuluka mu 2016 m'magazini ya Pediatrics kunati umboni sunakwane mbali zonse ziwiri. Maganizo anga, poona mmene zinthu zilili kuno: mwana wa ku Mtendere amene batire likhoza kumuthera, amene ndalama zake za opaleshoni zikhoza kutenga miyezi kuti zisonkheke, sayenera kukhala tsiku ndi limodzi lomwe wopanda njira youzira mayi ake kuti m'mimba mukupweteka. Anthu osamva a m'dziko muno ali ndi chinenero chawo chathunthu ndi bungwe lawo, Zambia National Association of the Deaf, ndipo sukulu ya Magwero kufupi ndi Chipata yakhala ikuphunzitsa ana osamva kwa zaka zambirimbiri. Pezani munthu wamkulu wosamva adzacheze kunyumba kwanu, apongozi ali pomwepo.

Mwina amalume atumizanso nkhani ya mankhwala okonza majini (timalangizo ta m'maselo timene mwana amatengera kwa makolo), imene inamveka mu 2024 ana ena a ku Shanghai atayamba kumva. Ndi yoona, koma ikukhudza ana obadwa ndi vuto la jini imodzi yotchedwa OTOF, amene timaselo tawo tilipo. Kwa mwana amene timaselo tinaphedwa ndi matenda, sikuthandiza.

Lolemba likubwerali pitani ku chigawo cha makutu, mphuno ndi pakhosi ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH), kapena ku Beit CURE pa Great North Road kumene amaona ana a vuto la makutu. Nyamulani pepala la zotsatira za kuyeza kuja, kalata yotulutsira mwana m'chipatala ndi khadi la kusikelo. Mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale akuti "anadwala matenda oumitsa khosi miyezi itatu yapitayo," chifukwa dokotala wa makutu aliyense akamva zimenezo amadziwa kuti sikani ya MRI ndi CT ya fupa la khutu siyenera kudikira. Pemphani kuonana ndi wothandiza mabanja wa pachipatalapo pa nkhani ya ndalama, ndipo ngati muli pa inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ya NHIMA funsani zimene angalipire pa masikaniwo. Akakupatsani zothandizira kumva zoti azivala podikira, azivale tsiku lonse, ngakhale zikuoneka ngati sizikuchita kanthu. Kamphindi kalikonse ka phokoso kofika ku mtsempha n'kaphindu. M'mawa uliwonse khalani kumbuyo kwake, kapena phimbani pakamwa ndi pepala, munene mawu 6 awa limodzilimodzi: aa, uu, ii, mm, sh, ss. Lembani m'kabuku amene watembenukira ndi amene sanatembenukire, ndi tsiku lake. Kabuku kameneko mupite nako kwa woyeza makutu ulendo uliwonse.